Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Dzino linkapweteka kumanja, adokotala anaima kumanzere

M'gawo lapita lija ndinalekezera pamene mwana wathu woyamba anamaliza sukulu, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzafotokoza chimene chinasintha kalankhulidwe kanga. Amene anandidziwa kale akandiimbira foni amafunsa ngati ndavumata chinachake, chifukwa mawu ena amatuluka molemera. Nkhani yake ndi ino, ndipo inayambira pa dzino.

Ndinali ndi zaka 46. Dzino lakumbuyo, la m'munsi chakumanja, linali ndi bowo kwa nthawi yaitali, kenako linabenthuka. Masana ndinkapirira, koma usiku ululu unkakwera mpaka m'khutu. Ndinalimbana nalo ndi mapilitsi masiku atatu. Usiku wachitatuwo mkazi wanga anayatsa nyali n'kundipeza nditakhala m'mphepete mwa bedi, dzanja lili patsaya.

"Abambo, usiku wachitatu uno osagona. Kukacha tipite akalione dzinolo, ndikuperekezani."

Panali patatha zaka 9 ndisanakhalenso pampando wa dokotala wa mano. Kwa ine kumeneko kunali kozulitsa dzino basi. Likapweteka upite, alizule, ubwerere. Zoti munthu angapiteko mano ake ali bwinobwino, kungoti akamuyang'ane m'kamwa, sindinaziganizirepo.

Adokotala amene ndinawapeza anali mayi wocheperapo msinkhu kwa ine, wolankhula modekha. Asanagwire chida chilichonse anayamba ndi mafunso. Mumasuta? Inde. Zaka zingati? Ndinawerengera mumtima, zinakwana 24. Ndudu zingati patsiku? Khumi, masiku ena kuposa. Mowa? Kumapeto kwa sabata iliyonse, ndipo wambiri. Fodya woika m'kamwa? Ayi. Alipo wachibale amene anadwalapo matenda aakulu a m'kamwa kapena kukhosi? Ndinati palibe. Yankho limenelo silinali loona, ngakhale ndinalipereka ndi mtima woyera.

Ululu unandifupikitsa mtima.

"Adokotala, chandibweretsa ndi dzino ili, lakumanjali."

"Ndaliona, bambo, ndipo simutuluka muno likupwetekabe. Koma aliyense wokhala pampandowu ndimayamba ndamuyang'ana m'kamwa monse. Sizitenga nthawi."

Ndifotokoza mwatsatanetsatane zimene anachita, chifukwa kuyambira tsikulo ndakhala ndikufunsa anzanga ndipo ambiri amati sizinawachitikirepo, ngakhale anazulitsapo mano kangapo. Anayambira kunja. Anaima kumbuyo kwanga n'kuyendetsa zala pansi pa nsagwada, pansi pa chibwano, m'mbali mwa khosi mpaka pafupi ndi mapewa, kufufuza ngati pali mwanabere wolimba. Kenako anapinda mlomo wam'munsi, wam'mwamba, n'kuona mkati mwake. Anakoka tsaya lililonse ndi kagalasi kawo kaja, kuunika nkhama kutsogolo ndi kumbuyo. Anandiuza kuti ndipendeke mutu chagada kuti aone kumwamba kwa m'kamwa, kenako ndinene kuti "aaa" kuti aone kukhosi. Ndiye anafika pa lilime. Tulutsani. Ligunditseni kumwamba. Anaika chala chimodzi pansi pa lilime, china kunja pansi pa chibwano, n'kumasindikiza pang'onopang'ono kuti amve ngati pakati pa zala ziwirizo pali polimba. Pomaliza anatenga kansalu kopyapyala, anakulunga nsonga ya lilime langa, n'kulikokera kumanja kuti aone mbali ya kumanzere mpaka kumbuyo kwenikweni.

Pamenepo anaima. Chipinda chinangoti zii. Anasuntha nyali, anayang'ananso. Anapukuta malowo ndi kansalu kaja, anayang'ananso, kenako anasindikizapo ndi chala.

"Pakupweteka apa?"

"Ayi."

"Munayamba mwaonapo banga m'mbali mwa lilime, kumanzere kuno?"

"Ayi, adokotala."

Anandigwiritsa galasi, lilime langa likadali m'manja mwawo. Ndinavutika kuliona. Linali banga loyera, losaposa chikhadabo cha chala chaching'ono, lokhala ndi timadontho tofiira mkati mwake. Pamalo pamenepo munthu sangapaone posukusula kapena potsuka mano, pokhapokha atachita kulikoka lilime ndi dzanja ali pamalo owala bwino. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkafuna zachangu, iwo ndi amene anadekha.

Sananditchulire mawu oti khansa tsiku limenelo, ndipo ndikuona kuti anachita bwino. Anandiuza kuti mabanga oyera m'kamwa ali ndi zoyambitsa zambiri, ndipo ochuluka si oopsa. Ena amabwera ndi fangasi, ndipo amenewo ukapukuta amachoka. Ena amabwera pamene dzino lakuthwa likukhula lilime tsiku ndi tsiku, monga momwe khungu la m'manja limakhakhalira ndi ntchito. Langali silinkachoka popukuta, koma pafupi nalo panali dzino lokhala ndi kansonga. Analisalaza dzinolo, anayeza bangalo ndi kachida kokhala ndi timizere ta mamilimita, analijambula, n'kulemba zonse m'fayilo.

"Mubwerenso pakatha masabata awiri. Ngati linali dzinoli, banga likhala litayamba kuzimiririka. Ngati lilipobe, ndikutumizani kwa anzanga odziwa zambiri. Tsikulo musaliphonye, bambo."

Atatero ndi pamene anabaya jakisoni kumanja n'kuzula dzino limene linandibweretsa.

Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino. Pofika tsiku lachinayi bala la dzino linali litapola, ndipo nkhani ya banga inayamba kuchoka m'mutu. Apa ndi pamene ndikufuna kuti mundimvetse bwino, chifukwa ndi pamene ndinatsala pang'ono kutayika. Kuyambira tili ana thupi limatiphunzitsa kuti matenda ndi ululu. Chopweteka timachithamangira, chosapweteka timati chidzatha chokha. Dzino lija, limene silikanandipha msanga, linandidzutsa usiku katatu. Banga lija silinandidzutse ndi kamodzi komwe. Ndinkadya bwinobwino, kulankhula bwinobwino, kusuta monga kale. Ndikayesa kulikhudza ndi chala ndinkangomva kukhakhala pang'ono. Munthu wa ntchito zake, wopanda pomupweteka, angasiye tsiku lathunthu kuti akaonetse kabanga? Mtima unkandiuza kuti adokotala angochulutsa nkhani.

Tsiku lobwererako litakwana ndinauza mkazi wanga kuti ndatanganidwa, ndidzapita sabata yamawa. Sanandikalipire. Anasiya chimene ankachita n'kukhala pafupi nane.

"Abambo, amalume anu aja munandiuza kuti anamwalira ndi chilonda cha pansi pa lilime, chinayamba bwanji?"

Thupi lonse linachita tsemwe. Zaka zoposa 20 zinali zitadutsa, ndipo m'banja mwathu matenda amenewo sitinkawatchula dzina lina koma "chilonda cha amalume". N'chifukwa chake adokotala atafunsa za wachibale, m'mutu mwanga simunabwere kanthu.

Amalume anali mchimwene wa amayi anga, munthu wanthabwala amene anandiphunzitsa kupalasa njinga. Ankaika fodya pansi pa lilime kuyambira ali mnyamata, ndipo mowa ankamwanso. Ndimakumbuka akudandaula za kachilonda kosapola, osati kuti kakupweteka, koma kuti kakuwasowetsa mtendere polankhula. Anapita kuchipatala kangapo. Ulendo woyamba anapatsidwa mankhwala ochukucha m'kamwa, wachiwiri mapilitsi. Dzino lina la pafupi ndi chilondacho litayamba kugwedera popanda chifukwa, anakalizulitsa, ndipo amene analizula anaona dzino lokhalo. Miyezi inapita. Kenako m'khosi munatuluka chotupa cholimba ngati mwala, khutu la mbali yomweyo linayamba kupweteka, kumeza kunavuta, mawu anasokonekera. Pamene anadula kanyama kuti akayeze, matenda anali atafika kale patali. Munthu wanthabwala uja anatha miyezi yake yomaliza akulankhula ndi manja. Sindiimba mlandu munthu mmodzi, koma mpaka lero zimandiwawa kuti anatsegula pakamwa pake pamaso pa anthu azachipatala maulendo angapo, ndipo palibe amene anakoka lilime n'kuyang'ana pansi pake modekha.

Ndinavala nsapato n'kupita.

Banga linali pomwepo. Adokotala anayerekeza ndi chithunzi chija, anayezanso, anasindikizanso, n'kunena kuti m'mphepete mwake mukumveka kulimba pang'ono. Ndinawauza za amalume. Anagwedeza mutu, analemba kalata yonditumiza kwa dokotala wa maopaleshoni a m'kamwa ndi nsagwada, ndipo ulendo uno anandiuza mosabisa.

"Bambo, maso anga sangadziwe kuti ichi n'chiyani. Chimene maso angathe ndi kuona kuti apa sipali bwino. Yankho lili kulabotale. Mwina si kanthu, mwina ndi maselo amene ayamba kusintha, mwinanso ndi khansa imene ikungoyamba. Zonse zitatuzi n'zabwino kuzidziwa panopa."

Kudula kanyama koyeza, kumene amati biopsy, ndinkakuopa kwambiri, koma kunatha msanga kuposa kuzula dzino. Anabaya jakisoni wochititsa dzanzi, anadula kachidutswa kosaposa theka la sentimita m'mphepete mwa banga pamene panali pofiira, anasoka kawiri, basi. Kachidutswako anakaika m'kabotolo ka mankhwala kuti kakaonedwe pa maikulosikopu. Lilime linawawa masiku atatu.

Chovuta chinali kudikira. Masiku 12 amenewo ndinkadzuka pakati pa usiku n'kumawerenga pafoni, nyali nditazimitsa kuti ndisadzutse mkazi wanga, ngakhale ndinadziwa pambuyo pake kuti nayenso sankagona. Ndinaphunzira kuti banga loyera losachoka popukuta, lopanda chifukwa china chodziwika, madokotala amalitcha leukoplakia, ndipo lofiira amalitcha erythroplakia. Lofiira ndi limene amaliopa kwambiri, ndipo losakanikirana ngati langa limadetsa nkhawa kuposa loyera lokhalokha. Ndinaphunzira kuti m'mbali mwa lilime ndi pansi pake ndi malo amene khansa ya m'kamwa imakonda kuyambira, ndipo mwa odwala 10 alionse, 9 khansa yawo imayambira m'maselo opyapyala amene amakuta mkati mwa kamwa. Fodya payekha amawononga maselowo, mowa pawokha umawononganso, koma zikaphatikizana ngozi imakula kwambiri, chifukwa mowa umathandiza poizoni wa m'fodya kulowerera mosavuta. Ndinkawerenga zimenezo ngati ndikuwerenga mbiri ya zaka zanga 24.

Ziwerengero za bungwe la World Health Organization zinandiimitsa mutu. Mu 2022 anthu pafupifupi 390,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa ya milomo ndi m'kamwa, ndipo oposa 188,000 anamwalira nayo. Ndinadzifunsa kuti matenda okhala pamalo oonekera chonchi, osafuna makina kuti awaone, akupha bwanji anthu ochuluka chotere? Yankho ndi lomwe lija la amalume: ambiri amapezeka itafika kale m'khosi. Ku United States, kumene amasunga bwino ziwerengero zimenezi, mwa anthu 100 amene khansa yapezeka isanachoke pamalo pamene inayambira, oposa 80 amakhala ali moyo pakatha zaka 5. Ikafalikira kutali m'thupi amatsala pafupifupi 40.

Chimene chinandilimbitsa mtima usiku wina ndi kafukufuku amene anachitika ku Kerala m'dziko la India, kumene khansa imeneyi ndi yofala chifukwa cha fodya wotafuna ndi mtedza wa areca. Kuyambira mu 1996, motsogozedwa ndi Dr Rengaswamy Sankaranarayanan, anthu ophunzitsidwa, osati madokotala, ankayenda khomo ndi khomo m'boma la Trivandrum kuyang'ana anthu m'kamwa ndi maso pamalo owala, n'kutumiza kuchipatala amene anali ndi mabanga okayikitsa. Zotsatira zake zinatuluka mu 2005 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Pakati pa anthu ogwiritsa ntchito fodya kapena mowa, imfa za khansa ya m'kamwa zinatsika ndi 34 peresenti. Ndinaika foni pachifuwa n'kumaganiza kuti chimene anthu aja ankachita pakhomo ndi chomwe chija adokotala anandichitira ndi kansalu kopyapyala, ine ndikunyinyirika.

Ndisasiye mawu awa, chifukwa ena mwa inu simusuta ndipo mukuona ngati nkhaniyi sikukukhudzani. Pali khansa ya kukhosi, ya m'matonsi ndi kutsinde kwa lilime, imene imabwera ndi kachilombo ka HPV, makamaka mtundu wa 16, komwe kaja kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Imagwira ngakhale anthu amene sanagwirepo ndudu, ndipo kawirikawiri chizindikiro chake choyamba ndi chotupa chosapweteka m'khosi. Mlomo wam'munsi nawo umatha kugwidwa chifukwa chokhalitsa padzuwa zaka zambiri. Choncho khosi limene adokotala anayamba kuligwira lija sanaligwire pachabe.

Ndudu yanga yomaliza ndinaisuta m'mawa wa tsiku lachisanu la kudikirako. Ndinaiyatsa, utsi unakhudza pamene panali ulusi, ndipo ndinaizimitsa isanafike pakati. Sizinali zophweka, ndipo nkhani ya kusiya fodya idzakhala ndi gawo lakelake.

Tsiku la zotsatira tinapita awiri. Dokotala wa maopaleshoni anatiuza kuti tikhale, anatembenuza pepala kuti nafenso tiziona, n'kulankhula akundiyang'ana m'maso.

"Bambo, ndi khansa. Koma mwabwera nthawi yabwino kwambiri."

Mawu oyambawo ndinawamva. Achiwiriwo anamva ndi mkazi wanga, chifukwa ine makutu anali atatsekeka. Iye ndi amene anafunsa mafunso onse, ndipo ndi amene anandibwerezera mayankho madzulo ake. Chotupacho chinali chosakwana sentimita imodzi ndi theka m'lifupi, ndipo chinali chisanalowe mozama. Khansa ya m'kamwa ikakhala yosaposa masentimita 2, yosazama kuposa mamilimita 5, ndiponso isanafike m'tinthu ta m'khosi timene timatupa mwanabere tija, amaiika pa siteji yoyamba. Sikani ya khosi ndi chifuwa imene anandijambula masiku otsatira sinaonetse kanthu. Dokotalayo anati adzadula bangalo pamodzi ndi mnofu wabwino wozungulira, pafupifupi sentimita imodzi mbali zonse, kuti pasatsale maselo obisika. Lilime lidzachepa pang'ono mbali imodzi, mawu ena adzavuta poyamba, koma ndidzadya ndi kulankhula. Anandichenjezanso kuti ndidzakhala ndikubwera kudzaonedwa pafupipafupi kwa zaka zingapo, chifukwa utsi wa zaka zonsezo sunakhudze malo amodzi okha, ndipo munthu amene wadwalapo khansa ya m'kamwa akhoza kuyamba ina pamalo ena.

Pambuyo pake ndinamufunsa dokotalayo kuti zikanakhala bwanji ndikanapanda kubwerera tsiku lija. Anati sangadziwe kuti zikanatenga miyezi ingati, koma chimene amaona kawirikawiri n'chakuti munthu amabwera yekha pamene chayamba kupweteka kapena pamene m'khosi mwatupa, ndipo panthawiyo nkhani imakhala yochotsa gawo lalikulu la lilime, kutsegula khosi, kenako radiotherapy, chithandizo chopha maselo a khansa ndi cheza champhamvu, kwa masabata angapo. Anawonjezera kuti tizilonda wamba ta m'kamwa timapweteka kwambiri koma timapola m'sabata imodzi kapena ziwiri. Chilonda chimene chadutsa masabata atatu chisanapole, banga losachoka, dzino logwedera popanda chifukwa, dzanzi pamlomo kapena palilime, chotupa m'khosi, zimenezo n'zofunika kuonetsa ngakhale zisakupweteka.

Masiku ano ndikamva mnzanga akuti akupita kukazulitsa kapena kukamatitsa dzino, ndimamuuza kuti akapemphe amuyang'ane m'kamwa monse, akoke lilime ndi kugwira khosi. Ena amachita manyazi, amati kuuza dokotala chochita n'chipongwe. Ine sindiona chipongwe pamenepo. Ndikudziwa kuti mizere ya odwala imakhala yaitali ndipo madokotala a mano amatopa, koma munthuyo wakhala kale pampando, nyali yayaka kale, pakamwa patseguka kale. Kwa ambiri a ife mwayi umenewo umabwera kamodzi pa zaka zambiri.

Ndinabwerera kwa adokotala a mano aja opaleshoni isanachitike, chifukwa ankafunika kuona ngati mano ena onse ali bwino. Ndinawauza zotsatira. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Zikomo kuti munabweranso, bambo. Si onse amene amabweranso." Ndinafuna kuwathokoza bwinobwino koma mawu anakanika kutuluka, ndinangowagwira dzanja ndi manja awiri.

Munthu womaliza kumuuza anali amayi anga. Ndinazengereza masiku angapo chifukwa ndi iwo amene anadwazika amalume mpaka tsiku lomaliza. Nditawauza sanalire. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi chija cha amalume ako?"

"Ndi chomwecho, amayi. Koma changa achipeza chikadali chaching'ono."

"Ndione."

Tinatuluka panja powala. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinakoka lilime ndi kansalu monga anachitira adokotala, iwo anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anapukuta maso, anayang'ananso.

"Mwana wanga, ine sindikuonapo kanthu. Kabanga akaka?"

Ndinagwedeza mutu. Apo ndi pamene misozi yawo inayamba kutsika, osati chifukwa cha ine. "Ndiye kuti achimwene anga chinayamba chonchi," anatero, "ndipo tonse tinkakhala nawo tsiku ndi tsiku."

Opaleshoni inali Lachiwiri lotsatira. Za m'mawa umenewo, za kudzuka lilime lili lolemera, ndi za mawu oyamba amene ndinayesa kutchula n'kulephera, ndidzafotokoza m'gawo 18.